Mlandu wa impso udakathera kwa kashembe

Mu 1984, madokotala a ku Brooklyn mumzinda wa New York adalemba za nthenda ya impso yomwe inkagwira odwala Edzi mwachilendo. Mapuloteni oyenera kutsalira m'magazi ankatayikira mumkodzo ochuluka zedi, moti mkodzowo unkachita thovu losaphwa msanga. Pakangotha miyezi yochepa, impso zinkalekeratu ntchito. Akatapa kachidutswa ka impso n'kukaika pa maikulosikopu, ankapeza timitsempha tosefa magazi, tomwe mwa munthu wabwinobwino timakhala totseguka, titaphwa n'kukwinyikira mkati. Zaka zitapitapo padaonekera chinanso: pafupifupi onse ogwidwa ndi nthendayi adali anthu akuda. HIV inkalowa mwa aliyense, koma impso zomwe inkaphwasula motere zidali za anthu omwe makolo awo adachokera ku Africa.

Mayankho apafupi adalipo, ndipo sadali abodza ayi: umphawi, kufika mochedwa kuchipatala, tsankho la m'zipatala momwemo, kuthamanga kwa magazi. Ku America, anthu akuda amafika poti impso zafa kuwirikiza katatu kapena kanayi kuposa azungu, ndipo pa mafayilo a ambiri a iwo adokotala ankangolemba kuti ndi BP. Koma ena ankamwa mankhwala mokhulupirika, BP n'kutsika, impso n'kumafookerabe. M'mabanja ena nthendayi inkabwerezabwereza. Padali chakumtundu, chomwe palibe adali atachiona.

Momwe chidapezekera ndi ntchito yomwe ndimaisirira, ndipo yonse idayambira pa njira yochenjera yomwe idagwiritsidwa ntchito mu 2008. Chifukwa cha mbiri ya ukapolo, DNA ya munthu wakuda wa ku America ndi yosakanikirana: pafupifupi magawo anayi mwa asanu ndi ochokera ku Africa, otsalawo ndi ochokera ku Ulaya, ndipo zimakhala m'zigamba zazitali zosinthanasinthana. Ofufuza adaganiza motere: ngati choyambitsa nthendayi chidachokera ku Africa, ndiye kuti pali malo amodzi pa DNA pomwe odwala adzakhala ndi chigamba cha ku Africa kawirikawiri kuposa pena paliponse. Sufunika kudziwa chomwe ukufuna, umangowerenga zigamba. Magulu awiri, la Jeffrey Kopp ndi Cheryl Winkler ndi la Linda Kao wa ku Johns Hopkins, adawerenga payekhapayekha, ndipo onse adakafika pa chromosome 22.

Pamalo pamenepo padali jini yotchedwa MYH9. Jini ndi kachigawo ka DNA kosunga malangizo opangira puloteni, ndipo puloteni ya MYH9 imagwira ntchito m'maselo omwe amakuta timitsempha tosefa tija. Kudali kodziwika kale kuti m'mabanja ena ochepa, MYH9 ikawonongeka impso zimadwala. Zonse zidagwirizana bwino lomwe. Kwa zaka ziwiri akatswiri adaisanthula jiniyi chilembo ndi chilembo, kufuna pomwe padalakwika. Sadapeze kanthu kogwirika.

Apa ndi pomwe luso lenileni lidaonekera. Ku Boston, m'gulu la Martin Pollak, mudali Giulio Genovese, mnyamata wophunzira masamu, pamodzi ndi dokotala wa impso David Friedman. Iwo adasiya funso loti "palakwika pati m'jiniyi" n'kufunsa lina: chinthu chopha impso chingachuluke bwanji chonchi pakati pa anthu? Choipa chokhachokha chimachepa m'mibadwo. Kuti chifalikire, ndiye kuti chinkapulumutsa ochinyamula ku china chake, ndipo chidafalikira mofulumira. Tsono chinthu chikafalikira mofulumira, chimakoka chigamba chachitali cha DNA yoyandikana nacho, zonse n'kumayendera limodzi kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Zikatero, jini yosalakwa imaoneka ngati yolakwa. Zili ngati mlandu wa mbuzi pabwalo la amfumu, pomwe mboni zonse zikuloza munthu yemwe ankaoneka pafupi ndi khola usiku uliwonse mbuzi ikasowa, pomwe iye ankangoperekeza mnzake wa nyumba yoyandikana. Mfumu yanzeru imafunsa kuti ankayenda ndi yani.

Adatambasula malo ofufuzawo. Mwamwayi, ntchito ya 1000 Genomes idali itangoyamba kutulutsa poyera DNA ya anthu osiyanasiyana, kuphatikizapo Ayoruba a ku Ibadan ku Nigeria. M'menemo adasankha kusintha kulikonse komwe kudali kofala mwa Ayoruba koma kosowa mwa azungu, n'kukuyesa pa odwala 205 omwe nthenda yawo idatsimikizidwa pa maikulosikopu ndi anthu 180 opanda nthendayo. Chizindikiro champhamvu kuposa zonse chidatulukira pakhomo loyandikana, pa jini yotchedwa APOL1. Adapezapo mitundu iwiri. Woyamba, G1, ndi wosintha timagawo tiwiri ta puloteniyo. Wachiwiri, G2, ndi wosowa zilembo 6 za DNA, zomwe zimachotsa timagawo tiwiri.

Chomwe chimandikondweretsa kwambiri ndi momwe adamasulira MYH9. Sadangonena kuti wathuyu ndiye wamphamvu. Adawerengera kaye mbali ya G1, n'kuona chotsala. Chotsalacho chidaloza G2. Atawerengera zonse ziwiri, chizindikiro cha MYH9 chidazimiririka. Kenaka adabwereza pa gulu lina lalikulu, odwala 1,030 omwe impso zawo zidafa ndipo mafayilo awo ankati ndi BP, poyerekeza ndi anthu 1,025 abwinobwino. Yankho lidali lomwelo. Adaonanso kuti chiopsezo chachikulu chili pa munthu yemwe walandira makope awiri, lina kwa mayi lina kwa bambo, kaya ndi G1 yokhayokha, G2 yokhayokha kapena imodzi imodzi.

Akadalekera pomwepa, ikadakhala kale ntchito yabwino. Koma funso lija, loti chinkawapulumutsa ku chiyani, lidali lisadayankhidwe, ndipo yankho lake lidali m'manja mwa munthu yemwe sankafufuza impso n'komwe. Ku Brussels, Etienne Pays adatha zaka zambiri pa tizilombo ta trypanosome tomwe kashembe amafalitsa. Kashembe yemweyo akaluma ng'ombe ndi kachilombo ka Trypanosoma brucei brucei, ng'ombe imadwala. Akaluma munthu, kachilomboko kamafera m'magazi. Mu 2003 gulu la Pays lidaonetsa kuti wopha kachilomboko ndi puloteni ya APOL1. Puloteniyi imayenda m'magazi itakwera pa timafuta ta HDL. Kachilombo kakaimeza, iyo imaboola timabowo mkati mwake, kachilomboko n'kutupa mpaka kuphulika.

Koma pali mtundu wina womwe udapeza chishango. Trypanosoma brucei rhodesiense amapanga puloteni yotchedwa SRA, yomwe imagwira APOL1 chakumchira n'kuifoola isadaboole. Ameneyu ndi wakwathu kuno. Adamulongosola koyamba mu 1910 ndi Stephens ndi Fantham a ku Liverpool, kuchokera m'magazi a munthu yemwe adalumidwa m'chigwa cha Luangwa, ndipo ndi yemweyu amadzetsa kaodzera kwa anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza mpaka lero. Tsono taonani pomwe G1 ndi G2 zili: kumchira komweko, pamalo penipeni pomwe SRA imagwira.

Anthu a ku Boston adagwirizana ndi a ku Brussels, ndipo kuyesa kwake kudali kosavuta kumva. Adatenga madzi a m'magazi a anthu osiyanasiyana, n'kuikamo tizilombo ta rhodesiense. M'madzi a munthu wa APOL1 wamba, tizilombo tidapitiriza kusambira. M'madzi a wonyamula G2 tidaphulika, chifukwa SRA idasowa pogwira; G1 nayo idatipha, ngakhale mofooka. Kope limodzi lokha lidali lokwanira. Zidasindikizidwa m'magazini ya Science mu 2010, ndipo aliyense wodziwa nkhani ya sickle cell ndi malungo adazindikira kapangidwe kake: kope limodzi limateteza, awiri amabweretsa nthenda. N'zosowa kuti pepala limodzi lichoke pa masamu a DNA, lidutse pa mafayilo a odwala impso, n'kukathera pa tizilombo tophulika m'mbale, gawo lililonse likutsimikizira linzake.

Padali pena posagwirizana, ndipo sipadabisidwe. G1 ndi yofala kwambiri kumadzulo kwa Africa, komwe rhodesiense kulibe. Kumeneko kuli mtundu wina wa kachilomboka wotchedwa gambiense, yemwe sadaphulike m'mbale zija. Nkhani yokoma chonchi imakopa munthu kuti aisalaze, koma funsolo lidasiyidwa lotseguka kufikira ena adalitola. Mu 2017, kafukufuku wa ku Uganda adapeza kuti onyamula G2 sagwidwa kawirikawiri ndi kaodzera wa rhodesiense, pomwe ku Guinea onyamula G1 ankakhala ndi kachilombo ka gambiense m'thupi osadwala kwenikweni. Chitetezo chilipo, kungoti chili ndi nkhope ziwiri.

Umboni wina udachokera kwa anthu omwe sadwala. Ku Haifa m'dziko la Israel, gulu la Karl Skorecki lidali litaona kale kuti anthu ochokera ku Ethiopia omwe ali ndi HIV sagwidwa ndi nthenda ya impso ija. Gululi lidafika pa APOL1 palokha chaka chomwecho cha 2010, ndipo lidapeza kuti mwa Aitiopiya G1 ndi G2 pafupifupi mulibe. Izi zidaphwanya ganizo laulesi loti nkhaniyi ndi ya khungu lakuda. Ndi ya makolo enieni a munthu ndi dera lomwe ankakhala.

Tikabwerera ku HIV, chithunzi chimamveka tsopano. Ku America, anthu akuda pafupifupi 13 pa 100 alionse ali ndi makope awiri, koma ambiri a iwo amakalamba impso zili bwino. Pamafunika chachiwiri chodzutsa nthenda, ndipo HIV yosaponderezedwa ndi mankhwala ndiyo yamphamvu kuposa zonse zodziwika. Thupi likamalimbana ndi kachilombo limatulutsa interferon, yemwe amauza maselo kuti apange APOL1 yambiri, ndipo yosinthikayo imaboola maselo a impso monga imaboolera kachilombo ka kashembe. Ku Johannesburg mu 2015, Alex Kasembeli ndi anzake adapeza kuti mwa odwala nthenda ya impso ya HIV, 79 pa 100 alionse adali ndi makope awiri, pomwe mwa anthu wamba adali ochepa zedi. N'chifukwa chake kuyamba ma ARV msanga kwaichepetsa kwambiri nthendayi: jini ili pomwepo, koma wodzutsa wagonekedwa.

Impso sizilira msanga, ndiye vuto lake. Nthawi zina choyamba kuoneka ndi chala chachikulu chakuphazi chotupa usiku, chotentha moti ngakhale chofunda sichikhudzika, chifukwa magawo awiri mwa atatu a uric acid amatuluka kudzera mu impso, ndipo zikafooka iye amaunjikana m'mfundo n'kudzetsa gauti. Wodwala amathamangira kugolosale kukagula bulufeni, yemwe amazipwetekanso impso zomwezo. Kapepala koviika mumkodzo, kosintha mtundu kakakumana ndi mapuloteni, kakadaulula zonse kalekale. Kudziwa APOL1 sikudasinthe kapepalako, koma kudaonetsa anthu oyenera kuyezedwa kawirikawiri, ndiponso kudapereka chandamale: mu 2023 mankhwala otchedwa inaxaplin, otseka timabowo ta APOL1, adachepetsa mapuloteni a mumkodzo pafupifupi ndi theka pa gulu laling'ono la odwala m'masabata 13.

Chondiwawa m'nkhaniyi ndi chimodzi. DNA ya Ayoruba ndiyo idatsegula chitseko, koma padatha zaka 14 kafukufuku wamkulu asadatuluke kuchokera kwawo komweko. Adatuluka mu 2024, wa gulu la H3Africa, pa anthu oposa 8,000 a ku Ghana ndi Nigeria, ndipo Rasheed Gbadegesin, Dwomoa Adu ndi Akinlolu Ojo adali m'gulu la otsogolera. Pafupifupi atatu mwa anthu khumi alionse m'kafukufukuyo adali ndi makope awiri. Ndipo adakonza mfundo yomwe ambiri ankaiyesa yotheratu, yoti kope limodzi ndi chitetezo chaulere. Kumadzulo kwa Africa, makope awiri adakweza chiopsezo cha nthenda yokhalitsa ya impso ndi 25 pa 100, ndipo kope limodzi lokha lidachikweza ndi 18 pa 100.