Ku London Chilembwe anali mlendo chabe

Abale anga a m'gulu lino, mukagwira K2,000 mumaona nkhope ya John Chilembwe. Kodi mukudziwa kuti bambo yemweyu anaimapo zaka ziwiri pakati pa mzinda wa London, chipewa chili kumutu?

Pa bwalo la Trafalgar Square pali nsanja zinayi zoikapo ziboliboli. Yachinayi inamangidwa mu 1841 kuti paikidwe Mfumu William IV, koma ndalama zinatha, nsanjayo n'kukhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Masiku ano ofesi ya meya wa London ndiyo imapereka ndalama kwa aluso kuti aziikapo ntchito zawo mosinthanasinthana. Mu September 2022 mwayi unagwera Mmalawi mnzathu Samson Kambalu, ndipo anaikapo chiboliboli chotchedwa Antelope.

Luso lake ndiye ndilibe nalo mawu. Kambalu anatengera chithunzi cha mu 1914 chomwe Chilembwe anajambulitsa ndi mzungu wa mishoni, John Chorley, pa tchalitchi chake ku Chiradzulu. Nthawi imeneyo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, koma Chilembwe sanavule. Ndiye Kambalu anangochita chinthu chimodzi: anamukuza Chilembwe kukhala chimphona, Chorley n'kumusiya pa msinkhu wa munthu wamba. Palibe mfuti, palibe chibakera, palibe nkhope yolusa. Chipewa ndi msinkhu basi, uthenga n'kufika. Ngakhale munthu wosadziwa za nkhondo ya mu January 1915 amaima n'kufunsa kuti, wamkuluyu ndi ndani? Chiboliboli chabwino chimatero, chimakukakamiza kufunsa.

Vuto langa lili pa ndalamazo, ndi mmene zimagulira malo. Mu 2024 Chilembwe anamutsitsa, nthawi yake itakwana. Koma pa nsanja zina ziwiri za bwalo lomwelo akadalipo Charles Napier, amene analanda dera la Sindh mu 1843, ndi Henry Havelock, amene anakathira nkhondo Amwenye oukira ulamuliro wa Britain mu 1857. Awiriwa akhalapo kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo palibe amawawerengera masiku. Ife ogulitsa mumsika timaidziwa bwino nkhani yotereyi. Pali mwini shopu wokhala ndi kiyi wake, pali wina woyala pansi amene amadula tikiti ya tsiku limodzi. Onse akugulitsa, inde, koma dzuwa likalowa amanyamula katundu ndi mmodzi.

Wina mwa inu anena kuti lamulo la pansanjapo ndi limodzi, mzungu nayenso ntchito yake imachotsedwa. N'zoona. Komatu mzunguyo akachoka amasiya agogo ake ali chiimire pamalo okhazikika. Wakuda akachoka, bwalo limabwerera mwakale. Taonani za Yinka Shonibare, wa makolo ochokera ku Nigeria, amene mu 2010 anaikapo sitima ya m'botolo yamatanga a nsalu ngati zitenje zathuzi. Itatsitsidwa, panafunika kuti anthu asonkhe ndalama kuti igulidwe, ipeze pokhala ku nyumba yosungiramo zakale ku Greenwich.

Sindikuti thandizoli ndi lachabe ayi. Popanda ilo, alendo ochuluka odutsa pa Trafalgar Square sakanalimva dzina la Chilembwe. Koma tisathamangire kuomba m'manja tikamva kuti mabungwe atulutsa ndalama zoti aluso akuda nawonso azioneka m'misewu ndi m'mabwalo. Tizifunsa kaye: ndalamazo zikulipira ntchito yokha, kapena ndi malo omwe? Ntchitoyo ikhala zaka zingati? Ikachotsedwa ipita kuti, ndipo adzaisamalira ndani? Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Thandizo longomupatsa waluso mpando wa alendo silinasinthe mwini bwalo.

Nanga inu mukuti bwanji, zaka ziwiri zikukwanira? Tiyeni tikambirane.