Adokotala a Odwala Obwezedwa

Wodwala khansa akauzidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuti matenda afika posachiritsika, minibasi imamutsitsa pa Chinakanaka ku Mulanje, kabaza n'kumufikitsa kumudzi, achibale n'kumangoti tidikire tsiku. Ntchito ya adokotala akudera imayambira pomwepo. Madokotala ophunzira ukadaulo wosamalira mabanja akadali ochepa m'Malawi muno, choncho katunduyu amasenza kwambiri ndi ma clinical officer ndi anamwino, monga a pa chipatala cha Mulanje Mission cha mpingo wa CCAP, amene amayendera odwala otere m'makomo mwawo.

Wodziwa ntchitoyi safika mwaphuma. Amakhala pamphasa, maso ake alingane ndi a wodwala, n'kuyamba moni. Mayi wa kwathu kuno, ngakhale ululu ukumudula mpweya, amayankha kuti "ndadzukako". Dokotala sakhutira nazo. Amatambasula dzanja: chibakera ndiye kuti ululu palibe, zala zisanu ndiye ululu wosagonetsa tulo. Mayi akaimika zala zinayi, zadziwika kuti Panado wachepa mphamvu, pakufunika mofini wamadzi.

Apa m'pamene mmisiri amaonekera. Mofini samwa ululu ukabwera. Amamwa usanabwere, pa maola 4 aliwonse, ndipo pogona mlingo umawirikizidwa kuti wodwala afike m'mawa osadzuka. Dokotala amaphunzitsa wodwazika kuyeza ndi jakisoni wopanda singano, n'kumuuza ayeze yekha kawiri katatu iye akuona. Amayamba ndi pang'ono, n'kumakweza mpaka zala zinayi zija zitatsika kufika chimodzi. Saiwalanso kuti mofini amamanga m'mimba, ndiye amasiya mankhwala otsegula, kapena kulangiza za nthanga za papaya zouma, zosinja, zothira m'phala. Njira ya mofini wamadzi wotsika mtengoyi anaifalitsa ndi Dr Anne Merriman, amene anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993.

Chimene ine chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya fungo. Khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'dziko muno, imatulutsa fungo lothamangitsa anthu, mayi n'kutsala yekha kuchipinda, manyazi akumupweteka kuposa chilonda. Mapiritsi a Flagyl, osinja n'kuwaza pachilonda kapena kuikidwa kunjira ya amayi, amapha tizilombo toyambitsa fungolo m'masiku ochepa. Adzukulu amayambanso kulowa, amayi a Mvano n'kudzakhala pafupi poimba. Mankhwala ake ndi otchipa. Chodula ndi munthu woganiza kufunsa funso lochititsa manyazilo mwaulemu.

Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotere suli m'thupi mokha. Kuno zimenezi zimaoneka msanga. Achibale amakokera dokotala kuseri kwa nyumba: "Chonde musawauze." Iye sawakalipira, komanso salonjeza kunama. Amabwerera pamphasa n'kufunsa mwiniwake kuti, "Mayi, inu mukuona kuti matendawa akuyenda bwanji?" Kawirikawiri mayiyo amakhala akudziwa kale, ndipo chikumusowetsa tulo ndi ana. Atsala ndi yani? Munda uja, poti malo ku Mulanje ndi ochepa chifukwa cha minda ya tiyi, sadzalandidwa? Dokotala amapempha kuti mwinimbumba aitanidwe, nkhani zikambidwe mayi akali ndi mawu. Banja likamva zoona limalekanso kugulitsa mbuzi ndi malata pothamangira mankhwala olonjeza machiritso amene kulibe.

Ngati kwanu kuli wodwala amene anabwezedwa, musamusiye akubuula kuchipinda. Tengani buku lake lakuchipatala, pitani mukafunse za chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, ndipo mukanene mosabisa kuti usiku sakugona.