Lumo la Lucien Hervé ndi makonde a ku Ntcheu

Ojambula athu ambiri amaiona nyumba ngati poimika anthu basi. Tsiku lotsegulira buloko ya sukulu kapena chipatala chaching'ono, nduna imakhala pakati, phungu pambali, riboni patsogolo, khoma la penti yaiwisi n'kumangosuzumira kumbuyo. Akafuna kujambula nyumba payokha amabwerera chafutambuyo mpaka yonse ikwane, kuyambira pa maziko kukafika pa malata. Chithunzi chotere n'chabwino kwa wowerengera ndalama za polojekiti. Koma chimanditopetsa, ndipo chimandiwawa kwambiri anthu akamachiyamikira kuti "yaoneka yonse", ngati kuti kukwana ndiye luso.

Munthu amene ndimafuna ojambula athu amudziwe ndi Lucien Hervé. Anabadwira ku Hungary mu 1910, dzina lake lili László Elkán, ndipo anafika ku Paris mu 1929. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse Ajeremani anamugwira, anathawa kundende mu 1941, n'kulowa gulu lomenyana nawo mobisa. Dzina loti Hervé analitenga nthawi imeneyo. Mu 1949 anapita ku Marseille komwe ankamanga Unité d'Habitation, nyumba yosanjikizana ya konkire imene mapulani ake analemba ndi Le Corbusier, ndipo tsiku limodzi lokha anatola zithunzi zokwana 650. Le Corbusier ataziona sanamusiyenso. Hervé anakhala womujambulira nyumba zake mpaka mkuluyo atamwalira mu 1965, ndipo anakafika ku Chandigarh m'dziko la India ndi ku Brasília. Iye mwini anamwalira mu 2007.

Chida chake chenicheni linali lumo. Kamera yake ya Rolleiflex inkatulutsa zithunzi zofanana mbali zonse zinayi, iye n'kukhala pansi kuzidula mopanda chisoni. Denga ankalitaya, khomo lalikulu ankalitaya, nthawi zina ankangotsala ndi nsanamira imodzi, ngodya ya masitepe, ndi mthunzi wakuda bii wodutsa chopingasa. Mthunziwo ankausiya wakuda choncho, osauwalitsa kuti tione zili mkati, moti theka la pepala limatha kukhala mdima wokhawokha. Ndiye taonani zimene zimachitika! Diso likasowa nyumba yonse limakakamira pa kachigawo kamene lapatsidwa, n'kuyamba kuona mizere ya matabwa amene anathiramo konkire, kulemera kwa mtanda umene wasenza nsanjika ya pamwamba, ndi mmene dzuwa lagwera pa ola limenelo. Munthu akaonekamo amakhala wamng'ono, ali cha m'mphepete, mwana kapena mmisiri atasenza katundu, ndipo ndi iye amene amatiuza kutalika kwa khoma. Ngakhale nyumba ya amonke ya ku Le Thoronet, yomangidwa ndi miyala zaka mazanamazana zapitazo, anaijambula motero, ndipo inatuluka yamoyo kuposa nyumba zambiri zatsopano.

Ndikukhulupirira kuti ulendo wakewo unamuthandiza. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mbadwa imadziwa kale kuti nyumba iyi ndi ya yani, khomo laulemu ndi liti, ndipo imajambula zimene ikudziwazo. Wobwera alibe mangawa amenewo, amatha kuyamba ndi kuseri.

Za droni sinditaya nazo nthawi: imaonetsa malata, ndipo palibe amakhala pamwamba pa malata. Mitundu yowonjezera pa foni, ija imasandutsa thambo kukhala la buluu wonyanya, imangobisa kuti wojambulayo anafika pa ola lolakwika.

Chimene chimandinyansa n'chakuti Ntcheu ili ndi zonse zimene Hervé akanazifuna. Yendani mumsewu wa M1 kuchokera pa boma kukafika ku Lizulu, muone masitolo akale a makonde aatali ndi nsanamira za njerwa. Ena mwa masitolo otere m'matauni aang'ono anali a amwenye, amene boma la Kamuzu Banda linawalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti asiye malonda kumidzi apite m'mizinda ikuluikulu. Mbiri imeneyo yatsala m'makoma, koma amene amaima kuti ajambule mthunzi wa nsanamirazo utagona pa simenti ndani? Ku Nzama, komwe ansembe a Montfort anakhazikitsa mishoni mu 1901, alendo amajambulitsa ataima pakhomo la tchalitchi, njerwa zake osaziyang'ana n'komwe. Njerwa yootcha ya kwathu, yosalingana, ina yopserera ina yofiira, imakonda kuwala kochokera m'mbali kuposa konkire wa ku Marseille. Mu June ndi July mpweya umakhala woyera ndipo dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho khoma loyang'ana kumpoto limaonetsa mzere uliwonse wa dothi lomangira. Pofika October utsi wa moto wolusa umaphimba zonse, mithunzi n'kufooka. Wojambula nyumba amene sadziwa kalendala imeneyi sanayambe ntchito.

Ena amati Hervé ankakometsera Le Corbusier, kuti podula chithunzi ankadulanso madandaulo a anthu okhala m'nyumbazo. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo sindikuikana yonse. Komabe chithunzi cha nyumba yonse nachonso sichionetsa denga lodontha, chimangoima patali pomwe mng'alu suoneka. Amene wayandikira mpaka kutsala ndi nsanamira imodzi ndi amene angationetse kuti simenti inachepa, kuti pulasitala wayamba kusupuka chaka chisanathe, kapena kuti mmisiri wina wa ku Nsipe, amene dzina lake silili pa mwala wotsegulira, anayala njerwa zake mowongoka bwino popanda womuyang'anira.