Mawu Angapo M'khosi Limodzi: Chimbale cha Sampa the Great

Sampa Tembo anabadwira mu Ndola muno mu 1993, anakulira ku Botswana, ndipo dzina lakuti Sampa the Great linatchukira ku Australia, kumene anapambana mphoto ya Australian Music Prize kawiri. Koma chimbale chake chimene ndimachilemekeza koposa anachijambula atabwerera kumudzi nthawi ya mliri wa Covid-19. As Above, So Below chinatuluka mu Seputembala 2022, chili ndi nyimbo 11 zokha, ndipo amene anasenza naye ntchito yaikulu mu situdiyo ndi Mag44, mwana wa Zambia yemweyu. Chimbale chake cha 2019, The Return, chinali ndi nyimbo 19 ndipo chimapitirira ola. Apa anadula zonse zosafunika, n'kusiya nyimbo zochepa koma zothinana.

Kuno ku Mushili nyimbo timazimvera kwambiri pa masipika a m'minibasi ndi m'mabala, mmene besi imalamula ndipo zina zonse zimamira. Chimbalechi chimaphokosera bwino ndithu pa sipika yotere, koma luso lake lenileni limamveka ukachivala m'makutu, chifukwa pansi pa liwu limene ukulimva pamakhala mawu enanso atatu kapena anayi.

Choyamba ndi khosi la Sampa mwini wake. Ali ndi liwu lotsika, losasa pang'ono, lochokera pachifuwa, limene amalankhulira zinthu zolemera. Alinso ndi lina lopyapyala, lodutsira m'mphuno, lothamanga, ndipo amatha kulumpha kuchoka pa lina kupita pa linzake mzere usanathe. Oimba ambiri akapeza liwu limodzi lowagulitsa amalikakamira mpaka kalekale. Iye amasankha liwu malinga ndi zimene mzerewo ukunena. Mverani "Bona", nyimbo imene ikutsamira pa kwaito ndi amapiano zimene zimavinidwa kumwera kumene anakulira: besi ndi yolemera, zida ndi zochepa, ndipo mpata wotsalawo waudzaza ndi mawu ake omwe, ena onong'ona, ena akuthwa, akuyankhana ngati kuti m'chipindamo muli akazi angapo.

Pa "Never Forget" m'pamene ndimakhalitsa. Nyimboyi ndi yolemekeza Zamrock, rock ya kwathu kuno ya m'ma 1970, ndi oimba amene anatsegula njira, ndipo yalukidwa ngati mphasa, bango lililonse likugwira linzake. Pansi penipeni pali ng'oma zamanja, zoyenda mwa kwathu kuno osati mwa hip hop ya ku America. Pamwamba pake pali gulu la mawu loimba pamodzi, loitana ndi kuvomera monga timachitira pa maliro ndi pa chikwati. Kenako aliyense amalowa pa nthawi yake: Tio Nason ndi liwu lake losalala, Mwanjé, mng'ono wake wa Sampa, amene amakweza nyimboyo m'mwamba, ndi Chef 187, mwana wa ku Kopala (Copperbelt), akulavula Chibemba chimene wa ku Mushili aliyense amachimva popanda womasulira. Chondigwira mtima n'chakuti palibe amene akuphimba mnzake. Anthu anayi pa nyimbo imodzi kawirikawiri amalimbirana, koma Mag44 anapatsa aliyense malo ake, wina m'munsi, wina pakati, wina m'mwamba, moti ukhoza kutsata mmodzi yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kubwerezanso kutsata wina. Sindinadabwe nyimboyi itamveka pa kanema wotsatsa filimu ya Black Panther: Wakanda Forever mu 2022. Anthu a kunja anamva ng'oma zathu zili pa maziko a nyimbo, osati zongowaza pamwamba kuti imveke ya ku Africa.

Alendo a kutali aliponso, Denzel Curry, Joey Bada$$ ndi Kojey Radical, ndipo agwira ntchito yawo bwino. Koma mtima wa chimbalechi suli pa iwo.

Uli pa "Can I Live?", imene anaimba ndi gulu la WITCH. Gululi linaphuka pa Copperbelt pano m'zaka za m'ma 1970, likutsogozedwa ndi Emmanuel "Jagari" Chanda wa ku Kitwe, nthawi imene anyamata a m'makomboni a migodi ankasakaniza rock ya magitala okalipa ndi mayimbidwe a makolo. Mtengo wa kopa utagwa, kenako Edzi itatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo, Zamrock inatsala pang'ono kuiwalika. Nyimboyi imayamba mwachifatse, Sampa akufunsa ngati munthu wotopa ndi kutchuka, liwu lili pansi. Imakwera pang'onopang'ono, chida chilichonse chikulowa pa nthawi yake, mpaka gitala wamagetsi amaphulika kumapeto. Kuleza mtima kumeneko ndi luso losowa masiku ano, pamene nyimbo zambiri zimatulutsa zonse zimene zili nazo m'masekondi oyambirira kuopa kuti womvera adumpha.

"Lo Rain" ndi yofatsa, ndipo mawu a Sampa ndi Mwanjé amagwirana mmene amagwiranira mawu a anthu obadwa bere limodzi, moti nthawi zina sudziwa kuti wina wathera pati, wina wayambira pati. Chimbalechi chimatsekedwa ndi "Let Me Be Great", pamodzi ndi Angélique Kidjo wa ku Benin, amene anabadwa mu 1960 ndipo liwu lake limadzaza bwalo popanda kukuwa. Woimba wamng'ono akanatha kuchita mantha n'kubisala kumbuyo kwa mayi wamkulu wotere, kapena kuyesa kupikisana naye. Sampa akumusiyira Kidjo m'mwamba monse, iye n'kugwira pansi ndi rap yake yolimba, ndipo nyimboyo imaima pa miyendo iwiri yofanana mphamvu.