MPENI WA M'CUUNO M'ZITHUNZI ZA KU INDIA

Ziripo nchito zina za manja a anthu zimene zimalankhulabe ngakhale eni ace anagona kalekale. Mwezi uno ndifuna kuti tiyese pamodzi zithunzi zazing'ono zimene amisiri a ku India anajambula m'mabuku a mafumu ao ochedwa a Mughal. Sitidzayang'ana nkhope za mafumuwo, kapena njobvu zao, koma kanthu kamodzi kokha: mpeni umene akuluakulu anali kubvala m'cuuno.

Mfumu Akbar, amene analamulira kuyambira 1556 kufikira 1605, anasunga amisiri a zithunzi oposa 100, Ahindu ndi Asilamu pamodzi. Iwo anajambula ndi ubweya wa gologolo, pa tsamba losaposa la buku lalikulu. Mbiri ya mfumuyo iri m'buku la Akbarnama, lolembedwa ndi Abu'l Fazl, ndipo zithunzi zace 116 zisungidwa ku Victoria and Albert Museum mu London.

M'zithunzi zimenezi uoneka kawirikawiri mpeni wochedwa katar kapena jamdhar. Suli ngati mipeni yathu iai. Cogwirira cace cikunga makwerero aafupi: zitsulo ziwiri zitsata mkono uku ndi uku, ndipo pakati pali zopingasa zimene munthu afumbata. Tsono mpeniwo uturuka kutsogolo kwa nkhonya, kotero kuti wobaya aponya dzanja monga womenya cibakera. Ina nsonga yace anaikhuthalitsa kuti iboole malaya acitsulo. M'masiku a Jahangir (1605-1627) ndi Shah Jahan (1628-1658) unacuruka mpeni wina, khanjar, wopindika pang'ono, cogwirira cace cosema pa mwala wosalala kapena mnyanga, cotsekedwa ndi golidi ndi miyala yofiira.

Coyamba tiyenera kuyamika amisiriwo. Cinthu cimene pa tsamba sicifika utali wa cala anacijambula mosamala kotero kuti lero anthu ophunzira amalinganiza mipeni yakale ndi zithunzizo, kuti adziwe nyengo imene inasulidwa ndi mabvalidwe ace. Mmisiri waulesi akadati, “Adzaona ndani kanthu kakang'ono aka?” Iwo sanatero. Ana athu a sukulu, ngakhale ife akulu, tikhoza kucita manyazi pamenepa.

Koma ciweruzo canga sicithera pa kuyamika. Onani buku la Padshahnama, mbiri ya Shah Jahan, limene lisungidwa ku Windsor Castle ndi zithunzi zace 44. M'menemo nduna ziimirira m'mizere pamaso pa mfumu, zobvala zao zoyera, mipeni yao iri m'cimace, yonyezimira ngati mikanda ya mkwatibwi. Mfumu inali kupatsa munthu mpeni wa miyala yokongola posonyeza kuti yamkonda, ndipo Jahangir yemwe analemba za mphatso zotere m'buku la moyo wace. Potero mpeni unasanduka cizindikiro ca ulemu, ndipo woyang'ana aiwala kuti unasulidwa kuti ulowe m'mimba mwa munthu. Tikumbukire kuti wojambulayo anali kudya za mfumu. Anaona bwino cinthu, koma sanali mfulu kunena zonse za mtima wa mwini wace. Ana a Shah Jahan, amene tiwaona m'zithunzi ali okoma ndi ofatsa, anadzamenyana nkhondo polimbirana ufumu. Aurangzeb anatsekera atate wace mu Agra m'caka ca 1658, napha mkuru wace Dara Shikoh m'caka ca 1659. Makolo athu ananena zoona, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cifukwa cace ine ndiyesa copambana cithunzi cina ca mu Akbarnama, cimene anajambula Miskin ndi Shankar. Adham Khan anali mwana wa mlezi wa Akbar, nakula naye ngati mbale. M'caka ca 1562, pocita nsanje, iye ndi anyamata ace anapha Ataga Khan, nduna yaikuru, m'nyumba ya mfumu momwemo. Akbar analamula kuti amponye pansi kucokera pamwamba pa nyumba, ndipo popeza sanafe, anamponyanso kaciwiri. Amisiriwo anaonetsa wophedwayo ali gone, wambandayo alikugwa camutu, ndi anthu alikuthawa ndi mantha. Inde, naco cithunzici cilemekeza mfumu monga woweruza wolungama. Komabe pamenepa citsulo ndi zipatso zace zioneka pa tsamba limodzi, ndipo kukongola kwa utoto sikubisa maliro.

Ife owerenga Mau a Mulungu nkhani yotere si yacilendo. Tikumbuka Yoabu, amene anagwira ndebvu za Amasa ngati afuna kumpsompsona, dzanja lina liri ndi lupanga. Tsono poona cithunzi ciri conse, cakale kapena ca lero, tidzifunse mafunso awiri: Kodi mmisiri anasamala nchito yace? Nanga anamlipira ndani, ndipo anasiya ciani osacijambula? Amisiri a ku India apambana ndithu pa funso loyamba. Pa laciwiri tiwamvere cifundo, pakuti nafenso timakometsa mbiri ya amene atidyetsa.