Kudzigulira Malo: anasamuka ndi anthu, tiyi sanasunthe

Anzathu, tikamakamba za pulojekiti ya Kudzigulira Malo tiyambire pamene malowo anachokera m'manja mwa eni ake. Kuyambira mu 1892, Harry Johnston ankapatsa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, ndipo nthaka yabwino ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba inasanduka maesiteti. Amene ankakhalapo, pamodzi ndi Alomwe obwera kuchokera ku Mozambiki, analowa m'thangata: kumulimira mzungu kuti akulole kugona pa malo "ake". Mkwiyo wa John Chilembwe mu 1915 unakagwera pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero pa nkhani yomweyi. Thangata inatha, ufulu tinalandira mu 1964, koma malire a maesiteti a tiyi anatsala pomwepo.

Ndiye mu 2004 boma, ndi ndalama za World Bank, linayambitsa Kudzigulira Malo. Mabanja ankapanga gulu, n'kupeza esiteti yomwe mwini wake akufuna kugulitsa. Banja lililonse linkapatsidwa madola 1,050, ena ogulira malo a mahekitala awiri, ambiri oyambira ulimi. Pofika 2011 mabanja oposa 15,000 anali atakhazikika ku Mangochi, Machinga, Balaka ndi Ntcheu. Tisanamizane, munthu amene ankalima kachigunda ngati mphasa n'kupeza mahekitala awiri, nkhokwe yake inasintha. Komanso sipanakhetsedwe magazi ngati ku Zimbabwe mu 2000.

Koma funso lathu ndi ili: anagulitsa malowo ndani? Eni tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje sanafune, ndipo palibe anawakakamiza. Malo amene anapezeka ambiri anali maesiteti a fodya a m'nthawi ya Kamuzu, omwe anali atangokhala tchire. Mwini esiteti analandira ndalama zake, wosauka wa ku Thyolo ndiye ananyamula mtondo ndi ana, kusiya manda a makolo, kukakhala mlendo kwa mfumu ina, kwina mjigo ndi chipatala zili kutali. Ena anabwerera. Ndiponso mabanja ambiri amene anapindula anali a ku Mangochi ndi Machinga komweko, osati a kumene bala la thangata lili. Pothetsa umphawi, pulojekitiyi inathandizadi. Koma wina akamati inabweza zomwe atsamunda analanda, ife tikukana: mlandu wa ku Thyolo sunazengedwe n'komwe, n'chifukwa chake anthu kumeneko amalowabe m'maesiteti ndi makasu, apolisi n'kumawathamangitsa.

Ambirife kuno ku Dubai tinakwera ndege chifukwa munda wa amayi sukanatikwana tonse. Lero tikumatumiza madiramu mwezi ndi mwezi kuti achimwene atigulire kapuloti kumudzi. Kudzigulira malo kwenikweni ndiye kumeneku, eti, kopanda dola imodzi ya World Bank.