Mbewa si Khoswe Wamng'ono: Ndemanga pa Kamasuliridwe ka Maina a Tinyama ta m'Mauna

M'nkhani ino tifuna kutsutsa cizolowezi cimene cakhazikika m'mabuku otanthauzira mau ndi pakati pa omasulira, comapereka liu lakuti mbewa m'malo mwa "mouse" ndi lakuti khoswe m'malo mwa "rat", ngati kuti zinenero ziwirizi zimagawa tinyamati mofanana. Cingelezi ca masiku onse cimayang'ana msinkhu. Cinyanja cimafunsa zina: kanyamako kakhala kuti, ndipo kodi ndi ndiwo? Khoswe ndi wa m'nyumba, wa kudenga ndi kunkhokwe, ndipo sadyedwa. Mbewa ndi za kumunda ndi kuchire, zimene anyamata amakumba m'cilimwe udzu ukapsa. Brian Morris anaonetsa kusiyana kumeneku m'buku lake The Power of Animals (1998), pofotokoza za Amalawi, ndipo tiona kuti ndi mmenenso zilili kum'mawa kwa Zambia.

Colakwa coyamba n'cakuti maina enieni amatayika. Kapuku, amene asayansi amamucha Mastomys natalensis, ndi citute, wonyamula mbeu m'matumba a m'masaya, onse amamira m'liu limodzi, ndipo mwana wa sukulu amayamba kuyesa kuti cinenero cake n'cosauka. Cikhalireco asayansi eni akewo amabwereka kwa ife. Mu 2006 anapatsa mtundu wina wa tinyama tokumba pansi dzina lakuti Fukomys, locokera ku liu lakuti fuko. Fukomys anselli, wopezeka m'madera ozungulira Lusaka, amakhala m'banja limene amaswana ndi awiri okha, pamene ana ao akulu amatsalira pakhomo kukumba njira ndi kututa mizu. N'zokondweretsa kuti zilembo zomwezo, fuko, timachulira nazonso anthu a kholo limodzi, ngakhale sitinena kuti mau awiriwa ali ndi gwero limodzi.

Koma colakwa cacikulu cikhudza moyo. Matenda oyamba ndi kacilombo ka Yersinia pestis, otupitsa anabere, omasulira ambiri amawacha mliri wa makoswe. Matendawa anabuka ku Namwala mu 1997 ndi ku Nyimba mu 2015. Amafala makamaka ndi nthata, ndipo nthata sidziwa malire amene cinenero cinaika pakati pa ndiwo ndi conyansa. Kapuku yemweyo, amene amayenda pakati pa munda ndi mudzi, ndiye mmodzi wa onyamula kacilomboka. Nthata zimakhala m'cisa ca m'una, ndipo kanyama kakafa, thupi n'kuzizira, zimacoka kukafuna magazi ena. Tsono taganizani za mnyamata wopisa dzanja kuuna, nanyamula mbewa zakufa m'thumba mpaka kwao. Iyeyu akamva cenjezo lakuti apewe makoswe, adzabvomera ndi mtima wonse, pakuti khoswe samukhudza n'kale, ndipo m'mawa mwake adzatenga khasu lake. Wolemba cenjezo m'Cingelezi anati "rodents", kutanthauza zonse. Womasulira anasankha liu limodzi, ndipo liulo linatulutsa kunja tinyama tomwe anthu amagwira ndi manja.

Ena adzati tipeke liu latsopano lophatikiza gulu lonseli. Ife tikaika ngati liu lopekedwa mu ofesi lingamveke msanga kumudzi. Kuchula onse, makoswe, mbewa ndi afuko, kumatalikitsa ciganizo ndi mau owerengeka cabe, ndipo aphunzitsi a Cinyanja angayambe ndi kufunsa ana a m'kalasi mwao maina a mbewa amene akulu kwao amawadziwa, n'kuwalemba pamodzi ndi malo amene kanyama kalikonse kamakumbidwa.